Kuopa Dzina, Kukonda Penshoni

Mu 1935 Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo la Social Security, loti boma la America lizipereka penshoni kwa okalamba. Otsutsa ankati imeneyo ndi sosholizimu. Alf Landon, yemwe anapikisana naye mu 1936 akudzudzula lamuloli, anapambana m'zigawo ziwiri zokha.

Masiku ano ovota ambiri amakana Bernie Sanders poti amadzitcha msosholisiti, koma penshoniyo safuna ikhudzidwe. Amati ndi thukuta lawo, chifukwa wantchito amadulidwa 6.2 peresenti ya malipiro. Komatu ndalama zodulidwazo zimadyetsa okalamba a lero lomwe.

Tiwerenge Machitidwe 6:1-6. Amasiye ena atayiwalidwa pogawa chakudya, mpingo unasankha amuna 7 oyang'anira ntchitoyo. Ifeyo kagawidwe kotero tikanakatcha chiyani?