Ulendo wa ku Cape Town pa thanki imodzi

Awiriwa ndi Amalawi okhala ku Dukathole, kufupi ndi siteshoni ya Germiston. Wamkulu anayamba kale kusewera Silent Hunter III, gemu ya Ubisoft ya mu 2005 yomwe munthu amakhala kapitawo wa sitima ya nkhondo ya Germany yoyenda pansi pa nyanja. Wamng'onoyo wangoyamba kumene, pa laputopu ya kaunjika.

Wofunsa: Achimwene, gemu ija yandikanika. Ndinanyamuka ku Lorient ndi Type IXC kukasaka zombo ku Cape Town. Kumiza ndinamizako ndithu, koma pobwerera dizilo wandithera ndisanafike n'komwe ku zilumba za Canary. Pano sitima ikungoyandama.

Mlangizi: Popita unkathamanga bwanji?

Wofunsa: Ndinaponda moto wonse. Ulendo wake ndi wautali, ndiye ndimafuna ndikafike magetsi asanathime.

Mlangizi: Vuto linayambira pomwepo, mphwanga. Type IXC yeniyeni inkanyamula matani 208 a dizilo. Ikamayenda pa 10 knots, kutanthauza mamailosi 10 a panyanja pa ola, inkatha kuyenda mamailosi 13,450. Ukaiika pa 18 knots mtundawo unkatsika kufika pa 5,000 basi. Type VIIC, yaing'ono ija, ndi chimodzimodzi: 8,500 pa 10 knots, koma 3,250 pa 17 knots. Madzi amalimbana ndi sitima kwambiri ukamawonjezera liwiro. Kuti liwiro likwere kawiri, injini imafuna mphamvu pafupifupi kasanu ndi katatu.

Wofunsa: Ndiye kuchoka ku Lorient kufika ku Cape Town ndi mtunda wanji?

Mlangizi: Pafupifupi mamailosi 6,000 a panyanja, ndipo mailosi imodzi ya panyanja ndi makilomita 1.852. Werengera wekha. Kupita ndi kubwera ndi 12,000. Pa 13,450 patsala zingati?

Wofunsa: 1,450.

Mlangizi: Ndi zomwe uli nazo zosakira zombo, zothamangitsira, zothawira ndi zolimbirana ndi mphepo. Komanso chiwerengerocho n'cha nyanja yabata. Mafunde akakula, injini imadya mofanana koma sitima imatsika liwiro, gemu nayo imachita zomwezo. Iwe unayenda pa liwiro loti thanki yonse imathera pa 5,000, mwayi wako unali woti penapake unkachepetsako, apo ayi ngakhale Table Mountain sukanaiona.

Wofunsa: Nanga eni akewo ankafika bwanji? Kapena za ku Cape Townzi ndi zopeka za gemu?

Mlangizi: Zinachitikadi. Mu August 1942 gulu lotchedwa Eisbär linanyamuka ku France, ndipo omwe anafika kuno anali U-68, U-159, U-172 ndi U-504, onse a Type IXC. Chakumapeto kwa September, atadutsa kale equator, anakumana ndi U-459, sitima ya Type XIV yomwe ntchito yake inali kunyamula dizilo ndi chakudya cha anzake. Amalinyero ankaitcha ng'ombe ya mkaka. Atadzaza mathanki m'pomwe anayamba kumiza zombo pa 7 ndi 8 October, Cape Town magetsi ali ngwee ngati kulibe nkhondo. Pa 10 October U-172 ya Carl Emmermann inamiza Orcades, chombo chachikulu chonyamula asilikali. Popanda U-459 akanangosuzumira n'kutembenuka.

Wofunsa: Mu gemu ng'ombe ya mkakayo ndiipeza kuti?

Mlangizi: Omwe anaika mod ya GWX amazipeza pa mapu, pamodzi ndi zombo zomwe zinkamwetsa mobisa m'madoko a Spain, monga Bessel ku Vigo ndi Corrientes ku Las Palmas. Koma yang'ana chaka chomwe uli. Ma Type XIV analipo 10 ndipo onse anamizidwa, ambiri mu 1943, chifukwa a Britain ndi America ankawerenga mauthenga a Enigma n'kudziwa malo okumanirana. Dalaivala wa thiraki wochoka kuno kupita ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete sadalira kuti filing'i siteshoni yakutiyakuti ikhala ndi mafuta. Amanyamuka ndi okwanira kukafika pa ina yakutsogolo. Iwenso ukamapita kokamwetsa, sunga oti ukapeza palibe aliyense uthe kufika kwanu.

Wofunsa: Chabwino. Liwiro loyenera ndi liti? Ndiike Ahead Slow njira yonse?

Mlangizi: Usalote, funsa. Dina pa navigator, pa malipoti ake pali pomwe amakuuza mtunda womwe ungayende pa liwiro lomwe ulipo. Ika 6 knots, dikira singano ikhazikike, funsa, lemba papepala. Ika 7, funsa. Pitiriza mpaka 12. Uona kuti nambala ikukwera kenako n'kuyamba kutsika, ndipo nthawi zambiri nsonga yake imakhala pakati pa 7 ndi 9. Kukwawa kwambiri nakonso kumawononga, poti injini imadyabe pamene mtunda sukutha. Liwirolo uliike pa geji ya manambala ija, osati pa chogwirira cha Slow, Standard ndi Flank, chifukwa chogwiriracho chimalumpha manambala omwe ukuwafuna. Mphepo ikasintha, funsanso.

Wofunsa: Ine ndimaganiza kuti ndikamira pansi pa madzi ndikupulumutsa dizilo, poti kumeneko ndikuyendera mabatire.

Mlangizi: Mabatirewo amadzazidwa ndi chiyani?

Wofunsa: Ndi injini.

Mlangizi: Ndiye ndi ngongole, ndipo imabwezedwa ndi dizilo yemweyo. Ukavuuka, tamvetsera. Injini imodzi imasiya kupalasa n'kuyamba kutchaja, liwiro limatsika, singano ya mafuta n'kumatsetsereka msanga kuposa kale. Navigator ukamufunsa nthawi imeneyo akupatsa nambala yoopsa, usadzidzimuke, dikira mabatire adzaze ufunsenso. Pansi pa madzi IXC inkayenda mamailosi 63 okha pa 4 knots. Ukaithamangitsa pa 7, batire imafa mu ola limodzi kapena awiri. Ukamira, yenda pa 2 kapena 3 knots, ndipo umire pa chifukwa: ndege, destroyer, kumvetsera zombo pa hydrophone, kapena namondwe woti pamwamba ukungotaya mafuta osasuntha.

Wofunsa: Nanga ndikaona convoy ikundithawa? Pamenepo mtima sulola, achimwene.

Mlangizi: Liwiro lonse linapangidwira pamenepo, ndi pothawa. Koma uyambe wajambula pa mapu. Convoy yoyenda pa 8 knots iwe uli pa 17, ukuipeza ndi mamailosi 9 pa ola. Ngati ili mamailosi 90 kutsogolo, ndi maola 10 a moto wonse, osawerengera kuizungulira patali kuti ukaidikire kutsogolo. Dzifunse ngati zombo zake zikuyenera dizilo ameneyo. Ku gombe la kuno zombo zambiri mu 1942 zinkayenda zokhazokha, choncho kudikira pa njira yake kunkapindula kuposa kuthamangitsa.

Wofunsa: Ndikadzapeza Type IXD2 mavutowa atha?

Mlangizi: Achepa. Imeneyo inkanyamula matani oposa 440 ndipo inkayenda mamailosi 23,700 pa 12 knots. Inkazungulira Cape n'kukwera ku Durban mpaka ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. U-177 ya mtundu womwewo ndiyo inamiza Nova Scotia pa gombe la Natal pa 28 November 1942, anthu 858 n'kufa, ambiri mwa iwo akaidi a ku Italy. Pa gemu zimangooneka ngati matani pa lipoti, koma mitembo inakokolokera m'magombe a Natal. M'nyanja yomweyo munkadutsanso askari a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, popita ku Madagascar mu 1942, kenako ku Ceylon ndi Burma. Sitima zazikulu za IXD2 nazonso zinkamwetsedwa. Mu June 1943 zinakumana ndi tanka ya Charlotte Schliemann kumwera kwa Mauritius, n'chifukwa chake U-196 inatha masiku 225 panyanja.

Wofunsa: Ndiye ndizitembenuka mafuta akafika pati? Theka?

Mlangizi: Theka ndi mochedwa. Ukafika pa malo osakira, yang'ana omwe wadya pobwera, uwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, ulembe nambalayo pakapepala n'kumata pambali pa kiyibodi. Singano ikafika pamenepo tembenuka, ngakhale ma torpedo atsale. Owonjezerawo ndi a Bay of Biscay, nyanja yomwe umadutsa usanalowe ku Lorient. Kuyambira 1942 ndege za Coastal Command zinali ndi radar ndi nyali ya Leigh yowalitsa usiku, ndiye mumadutsa mukumira n'kuvuuka, kutchaja mabatire mobwerezabwereza, pomwe thanki ili kale pansi.

Wofunsa: Nanga sitima yangayi, yomwe ikuyandama pa Canary?

Mlangizi: Unasevako uli chakumwera?

Wofunsa: Ndinaseva nditangodutsa St Helena pobwerera.

Mlangizi: Tsegula pamenepo. Funsa navigator pa 7 knots, kenako uyeze ndi rula ya pa mapu mpaka ku Lorient, mzere wake udutse kunja kwa Freetown ndi Dakar, kutali ndi ndege. Nambala yake ikaposa ya rula, ufika. Ikachepa, sintha liwiro tione.