Maswiti 24 pa Tsiku: Phunziro la Mano Lochokera ku Sweden

Nyengo ya mayeso ikafika, ambirife timawerenga mpaka pakati pa usiku, paketi ya maswiti kapena mabisiketi ili pambali pa buku. Kaswiti kamodzi kothamangitsira tulo, kena pakatha theka la ola, chakumwa chozizira tikupsontha pang'onopang'ono kuti chisathe msanga. Timadziona ngati odziletsa poti sitinadye zonse nthawi imodzi. Komatu ofufuza za mano anapeza kalekale kuti kadyedwe kameneka ndi kamene kamabowola mano msanga.

Kuti timvetse, tiyambe ndi zimene zimachitika m'kamwa. Tikayendetsa lilime pa mano tisanatsuke m'mawa, timamva tinthu tonanda. Si zotsalira za nsima ayi. Ndi mudzi wa mabakiteriya amene amamatirira pa dzino, umene madokotala amautcha plaque. Tizilomboti tikalandira shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikamba choyera cholimba chimene chimakuta dzino. Willoughby Miller, dokotala wa mano wa ku America amene ankagwira ntchito ku Berlin, anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1890.

M'zaka za m'ma 1940, Robert Stephan anayeza asidi wa mu plaque anthu atachukucha m'kamwa ndi madzi a shuga. Anapeza kuti asidi amakwera m'mphindi zochepa chabe, koma kuti atsike pamatenga theka la ola mpaka ola lathunthu. Chikamba cha dzino chimayamba kusungunuka pH ikatsika kupitirira 5.5. Amene amabweza zinthu m'malo mwake ndi malovu: amachepetsa mphamvu ya asidi n'kubwezera pa dzino mchere wa calcium ndi phosphate umene unachoka. Choncho tsiku lililonse dzino limagumuka n'kumatidwanso, ngati khoma la dothi nthawi ya dzinja. Bowo limabwera pamene kugumuka kwaposa kumata.

Tsopano tiwerengetse. Maswiti asanu odyedwa nthawi imodzi pambuyo pa chakudya chamadzulo amapatsa mano nkhondo imodzi. Maswiti asanu omwewo, odyedwa limodzilimodzi kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko, amasiya mano m'asidi madzulo onse. Tikagona osatsuka zimaipiraipira, chifukwa m'tulo malovu amachepa kwambiri.

Umboni wamphamvu wa mfundoyi unachokera pa chipatala cha Vipeholm mumzinda wa Lund ku Sweden, ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Chipatalachi chinkasunga anthu olumala ubongo. Kafukufuku anayamba mu 1945, ndipo zotsatira zake, zokhudza anthu 436, zinasindikizidwa mu 1954. Ofufuza anagawa odwalawo m'magulu. Ena ankapatsidwa shuga wambiri pa nthawi ya chakudya yokha, m'zakumwa kapena mu buledi. Ena ankapatsidwa maswiti onanda, okanirira m'mano, oti azidya pakati pa zakudya: gulu lina 8 pa tsiku, lina 24. Amene ankalandira shuga pa chakudya, mano awo anawonongeka pang'ono. A maswiti 24 aja mano awo anabowoka kwambiri, ndipo maswitiwo atasiyidwa, kubowoka kwatsopano kunachepa.

Anthuwa sanafunsidwe, ndipo ambiri a iwo sakanatha n'komwe kumvetsa chimene akuvomera. Anatha mano kuti ena aphunzire. Lero komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku singalole zoterezi, ndipo ife amene tikukonzekera kudzagwira ntchito ndi odwala kapena ana tisamatchule Vipeholm ngati nambala ya m'buku chabe. Ku Sweden komweko kafukufukuyu anasiya mwambo: makolo analangizidwa kuti ana azidya maswiti tsiku limodzi lokha pa mlungu, Loweruka, ndipo mpaka pano mawu oti lördagsgodis, maswiti a Loweruka, ndi odziwika m'dzikolo.

Izi sizikutanthauza kuti kuchuluka kwa shuga kulibe kanthu. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene timapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, masipuni aang'ono 12. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera likhoza kudya gawo lalikulu la mlingo umenewu.

Nanga nkhama? Apa ofufuza anagwiritsa ntchito anthu ofanana ndi ife. Ku Aarhus m'dziko la Denmark, Harald Löe ndi anzake anapempha anthu 12 a nkhama zathanzi, ambiri mwa iwo ophunzira za udokotala wa mano, kuti asiyiretu kutsuka m'kamwa. Pasanathe masabata atatu onse anali ndi nkhama zotupa. Atayambiranso kutsuka, nkhamazo zinachira pakutha pafupifupi mlungu umodzi. Zotsatirazi zinatuluka mu 1965. (Tingoganiza mmene anzawo a m'kalasi ankakhalira nawo masiku amenewo.)

Phunziro lake likutsutsana ndi zimene timachita. Tikaona magazi pa mswachi timayamba kupewa malo amenewo poopa kuwonjezera bala, pamene magaziwo akutiuza kuti pamenepo ndi pamene plaque yaunjikana. Chofunika n'kutsuka pamalire a dzino ndi nkhama modekha, tsiku ndi tsiku. Plaque ikasiyidwa imauma n'kusanduka kamwala kamene mswachi sungachotse, koma dokotala ndi zida zake. Kwa anthu ena chiseyeye chimalowa pansi mpaka kudya fupa logwira dzino, ndipo fupa limenelo silimeranso lokha. Dzino losabowoka n'komwe limayamba kugwedera. Osuta fodya ndi odwala matenda a shuga ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu.

Pa nkhani ya mankhwala otsukira mano, chofunika kwambiri si thovu kapena kafungo kabwino koma fluoride. Frederick McKay atafika ku Colorado Springs mu 1901 anadabwa ndi mano a anthu akumeneko, amene anali ndi mawanga oderako koma osabowoka kawirikawiri. Mu 1931 zinadziwika kuti chinkachititsa ndi fluoride wa m'madzi, ndipo mu 1945 mzinda wa Grand Rapids unakhala woyamba kuthira fluoride wochepa m'madzi a m'mipope. Mawanga oterowo timawaonanso kwathu kuno, m'madera monga Nathenje ku Lilongwe kumene madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wochuluka. Akachuluka pamene mano a mwana akukula amawathimbiriza. Akakhala wa mlingo woyenera amathandiza malovu kumata dzino ndi mchere wopirira asidi. Pogula mankhwala tiziyang'ana pa chubu ngati palembedwa 1,000 mpaka 1,500 ppm. Ndipo tikamaliza kutsuka tizingolavula thovu, osachukucha ndi kapu ya madzi, chifukwa madziwo amakokolola fluoride asanagwire ntchito. Chizolowezi chimenechi chimavuta kusiya, ifenso tikuvomereza.

Ena mwa ife mano amayayamira tikamwa madzi ozizira kapena tikatafuna malambe ndi bwemba. Martin Brännström wa ku Sweden anafotokoza chifukwa chake m'zaka za m'ma 1960. Pansi pa chikamba choyera pali mnofu wolimba wa dzino wodzaza ndi timachubu ting'onoting'ono tokhala ndi madzi. Chikamba chikaperepeseka kapena nkhama zikabwerera m'mbuyo, timachubuti timakhala pamtunda. Kuzizira kumasuntha madziwo, ndipo mtsempha umamva ngati wabayidwa. Nthawi zambiri ovutika chonchi ndi akhama potsuka, amene amakwecha mano ndi mswachi wolimba ngati akukwecha mphika wopserera, kapenanso ndi makala ndi phulusa. Mswachi wofewa ndi wokwanira. Mankhwala okhala ndi potassium nitrate amathandiza, koma amafuna masabata angapo ogwiritsa ntchito mosadumphitsa. Ululu wokhalitsa pa dzino limodzi, makamaka wodzutsa usiku, ndi nkhani ina: umenewo ndi wopita nawo kuchipatala dzino lisanafike pongozulidwa.

Mlungu uno tiyeni tichite kafukufuku wathuwathu, wosavulaza aliyense. Kwa masiku atatu, aliyense alembe kumapeto kwa kope nthawi iliyonse imene chinthu cha shuga chalowa m'kamwa: phala la m'mawa, fizesi wa pa geti, mzimbe, bisiketi yoperekedwa ndi mnzathu mu laibulale. Pa chilichonse tiwerengere mphindi 40 za asidi, kenaka tiphatikize maola a tsikulo. Tikatero tione kuti ndi ziti mwa zimenezo zimene zingasamukire pa nthawi ya chakudya.