Musanapemphe Tambala Ina: Malangizo kwa Aphunzitsi Aakulu ndi Makomiti a Sukulu

Pa zaka zimene ndinakhala ndikuyendera sukulu za pulaimale za kwathu, ndi kukhala pa benchi ya kumbuyo m'misonkhano ya makolo, ina pansi pa mtengo wa mango, ina m'kalasi lodzaza fumbi la choko, ndinaona chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mtima kufikira lero lino: mphunzitsi wamkulu wokhulupirika, amene sanadyepo ngakhale tambala imodzi ya sukulu, kutuluka mumsonkhano atatchedwa mbala, pamene khoma long'aluka limene anaitanira anthuwo likali chiimire pamwamba pa mitu ya ana, kudikira mvula yoyamba. Munthu wotere mtima wake ulibe banga. Chimene chimamugwetsa ndi kusadziwa chonena poyamba ndi chonena pambuyo. Chifukwa chake ndalemba malangizo awa kwa inu a hedi, ndi inu apampando a komiti ya sukulu ndi a PTA, kuti nkhani ya chitetezo cha ana ndi nkhani ya ndalama, zimene nthawi zonse zimayendera limodzi monga khasu ndi mpini wake, muzidziwa kuziika pamaso pa makolo.

Kumbukirani poyamba chimene chili mumtima mwa kholo lisanakhale n'komwe pansi. Chiyambire chaka cha 1994, pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana nachuluka m'makalasi kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, kholo lililonse limadziwa mawu akuti sukulu ndi yaulere. Ndipo lamvanso pa wailesi kuti boma limatumiza ndalama zotukulira sukulu, zotchedwa SIG, ku sukulu iliyonse kudzera kukhonsolo. Tsono mukaimirira n'kutchula ndalama ya chitukuko, dziwani kuti funso lafika kale pakhosi pa aliyense, angakhale ulemu ulitsekereze: nanga zija zinapita kuti?

Choyamba, yendani pasukulu panu. Izi sizifuna maphunziro. Tengani wapampando, amayi awiri a Mother Group ndi nduna ya mfumu, muone makoma, mitengo ya denga imene chiswe chadya, malata opanda misomali, zimbudzi zimene pansi pake payamba kutitimira, mjigo, ndi khwawa limene ana aang'ono amawoloka. Lembani zoopsa zitatu zokha, zoposa zinzake. Mukalemba makumi awiri palibe chimene chidzachitike. Amene akuyesa kuti ndikukuza nkhani akumbukire ana anayi amene anafa ku Zomba mu Juni 2018 khoma la kalasi litawagwera, akumbukirenso kolera amene anachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, ndi namondwe Freddy amene mu Malichi chaka chomwecho anasasula madenga m'maboma a kummwera, makalasi otsala nasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Chachiwiri, itanani anthu pa nthawi yake ndi mwa njira yake. Nthawi yake ndi Okutobala, teremu yoyamba itakhazikika, mvula isanagwe, anthu asanatanganidwe ndi kubzala. Lisakhale tsiku la msika, ndipo kukagwa maliro sunthani tsiku osanyinyirika. Koma chonde lekani ulesi uja woimirira pa asembule ndi kuuza ana kuti akanene kwa makolo kuti abwere Lachisanu, pakuti mwana wa Sitandade 1 akafika kunyumba amangoti a hedi akufuna ndalama, ndipo msonkhano wanu wafa musanauyambe. Akulu akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Lembani kalata yaifupi yotchula tsiku, ora ndi mitu iwiri ya nkhani. Ina ipite kwa anyakwawa ndi agulupu, ina iwerengedwe m'mipingo ndi kumzikiti. Gulu la WhatsApp ndi lothandiza, koma agogo amene akulera ana amasiye anayi alibe foni yotere, ndipo iwowo ndiwo oyenera kumva koposa onse.

Chachitatu ndicho chimene ndalembera nkhani yonseyi, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Musanatchule khoma, musanatchule chimbudzi, musanapemphe tambala ina iliyonse, yambani mwawerengera makolo ndalama zimene zinalowa kale ndi kumene zinapita. Ndikubwereza: zakale poyamba, zatsopano pambuyo. Ambiri amatembenuza dongosolo ili. Amatsegula ndi pemphero, nalonjera mafumu, nalankhula ora lathunthu za mavuto a sukulu, natchula ndalama imene mwana aliyense abweretse, ndipo lipoti la msungichuma amaliika kumapeto, dzuwa litapendeka, amayi atayamba kunyamuka kukaphika. Msungichumayo naimirira n'kungoti ndalama za chaka chatha zinagwira ntchito yake bwino lomwe.

Ndinaonapo zimenezi pasukulu ina imene sindiitchula dzina. Msungichuma atanena mawu omwewo n'kukhala pansi, panali zii kwa kanthawi, kenaka gogo wina wamkazi amene anakhala pa chitenje chake kumbali, atagwira ndodo, anakweza dzanja nati: "Zikomo apampando, pepani ndine wosaphunzira. Chaka chatha ndinagulitsa nkhuku yanga yoikira kuti ndilipirire adzukulu atatu, munati mugula simenti ya chimbudzi cha atsikana. Chimbudzicho ndachiona, chilibe chitseko. Kodi matumba a simenti anali angati?" Msungichuma anayang'ana a hedi, a hedi anayang'ana wapampando, wapampando anayamba kufufuza m'thumba la jekete. Simentiyo inagulidwadi, ine ndinaona lisiti lake pambuyo pake litapindidwa m'kati mwa rejisitala ya Sitandade 5. Koma pakuti silinaoneke pa ora limene linafunika, anthu anabalalika akung'ung'udza, ndipo chaka chimenecho sanapereke ndi theka lomwe.

Kachitidwe koyenera ndi aka. Kutatsala sabata kuti msonkhano uchitike, a hedi, msungichuma ndi mlembi akhale pansi ndi kope la ndalama, malisiti onse ndi sitetimenti ya ku banki, alembe pa pepala lalikulu, ndi zilembo zoti munthu wa maso ofooka aone ali patali, mbali ziwiri: zolowa ndi zotuluka. Ndalama za SIG zikhale pa pepala lakelake, za makolo pa lakelake, za mabungwe kapena za wakufuna kwabwino pa lakelake. Musazisakanize, pakuti madzi a mitsinje iwiri akakumana palibe angawalekanitse. Tiyerekeze kuti ana 600 anayenera kupereka K1,000 aliyense, koma anapereka ndi 410: lembani kuti zinalowa K410,000, osati K600,000. Pansi pake lembani kuti matumba 8 a simenti anadya K200,000, mmisiri K120,000, mlonda K60,000, zotsala K30,000, ndipo munene kumene zotsalazo zili lero lino, kaya ku banki kaya m'manja mwa yani. Mzere uliwonse ukhale ndi tsiku lake ndi lisiti lake.

Pali mawu atatu amene ndikukupemphani kuti muwachotse m'kamwa mwanu ndi pa pepala panu, ndiwo akuti "zina ndi zina". Mawu amenewa ndiwo dzenje limene mbiri ya aphunzitsi abwino imakwiriridwamo. Ngati munakwera kabaza kupita ku TDC, likulu la zoni yanu, lembani kabaza ndi mtengo wake. Ngati munagulira alendo zakumwa, lembani zakumwazo, angakhale zikuchititseni manyazi. Ndipo ngati pali ndalama imene inasowa, kapena imene wina wa komiti anabwereka pa maliro a mbale wake nalephera kubweza, nenani nokha anthu asanafunse, mutchule kuchuluka kwake ndi tsiku limene idzabwezedwe. Pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mudzi umakhululukira msanga munthu wovomera kusiyana ndi munthu wogwidwa.

Wowerenga lipotili akhale msungichuma, amene ali kholo mnzawo, osati a hedi. Awerenge pang'onopang'ono, m'chinenero cha pamudzipo, kaya Chichewa, kaya Chiyao, kaya Chitumbuka, osati Chingerezi cha m'mafomu. Malisiti aikidwe m'lichero lizungulire pakati pa anthu. Ambiri sadzawerenga, ena sadziwa n'kuwerenga komwe, koma adzagwira ndi manja awo, ndipo munthu sakayikira chimene waloledwa kugwira. Pambuyo pake funsani katatu ngati pali funso, ndipo wina akafunsa mwaukali musamuyankhe mwaukali, musamuuzenso kuti nkhaniyo mukakambirana ku ofesi. Za pabwalo zithere pabwalo.

Mudzakumana ndi alangizi onyenga, ena mwa iwo aphunzitsi akale ndithu, amene adzakunong'onezani kuti musamaulule za SIG, poti makolo akadziwa kuti boma latumiza ndalama sadzaperekanso. Uphungu umenewu ndi wa satana, ndipo ndauona ukugwetsa makomiti ambiri. Makolo amamva ndithu, ngati si kwa inu ndiye kwa mlonda kapena kwa khansala, ndipo chimene amva kumbali chimakula kawiri. Auzeni kuti inabwera yochuluka bwanji, inafika mwezi uti, pakuti kawirikawiri imachedwa, ndi kuti inagwira ziti mwa ntchito zimene munagwirizana m'pulani ya sukulu. Akaona okha kuchepa kwake poyerekeza ndi mtengo wa malata, makamaka chichokere pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, adzamvetsa popanda inu kuwachonderera. Ndinenanso kachitatu, kuti wina asadzati sanamve: musapemphe za mawa musanawerenge za dzulo.

Chachinayi, lipoti litalandiridwa, imiritsani anthu onse muwatengere kukhoma kuja. Musalifotokoze ali pansi. Aloleni abambo alowetse zala zawo mumng'alu, amayi asuzumire m'chimbudzi chimene ana awo aakazi amalowamo. Pomwepo mmisiri wa m'mudzi momwemo anene zofunika ndi mtengo wake, ndipo anthu okha atchule chimene angathe: mudzi uwu mchenga, mudzi uwo njerwa, amene ali ndi ngolo atute miyala, ndalama ikhale ya simenti ndi misomali yokha. Mutu umodzi susenza denga, komanso denga limene anthu sanapangane kulisenza limagwera amene analiyamba. Ngati kalasilo ndi loopsa lero, tulutsanimo ana lero lomwe, aphunzirire pansi pa mtengo kapena mupemphe tchalitchi. Musadikire kuti chopereka chikwane. Ndipo mwana amene kholo lake lalephera kupereka musamubweze kunyumba, pakuti lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulaimale, ndipo mwana wobwezedwa pa ora la kalasi amayenda yekha m'njira ndi m'misika, kumene kuli zoopsa zoposa khoma limene mukuti mukumuteteza nalo.

Chachisanu n'chachidule. Aliyense wopereka alandire lisiti pomwepo, angakhale wapereka K200. Ndalama zisagone m'nyumba ya mphunzitsi, ndipo zotumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money zisapite pa nambala ya a hedi. Mapepala aakulu aja amatidwe pakhoma la ofesi, kunja, pamene mayi wobwera kudzaphika phala angawaone. Zimene mwagwirizana zilembedwe, mfumu isaine, kalata ina ipite kwa a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni yanu, ndi ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu, ina itsale m'faelo yanu, kuti tsiku la tsoka pasadzakhale wonena kuti sanauzidwe. Zonsezi, kope la chikuto cholimba, buku la malisiti, mapepala aakulu ndi zolembera zake, mwina zingakudyereni K15,000 kapena K20,000, kunena mongoyerekeza, poti mitengo masiku ano siigona pamodzi. Koma nazonso muzilembe pa pepala lomwelo.

Potsiriza, ngozi ikachitika, kaya mwana wavulala, kaya mphepo yasasula denga, kaya ana angapo atsegula m'mimba tsiku limodzi, makolo amve kwa inu tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, mutauza azaumoyo ndi mfumu. Nenani chimene chachitika, chimene mwachita, ndi tsiku limene mudzanenenso zambiri, ndipo tsikulo likafika nenanidi. Makolo amene munawawerengera tambala iliyonse mu Okutobala adzakukhulupirirani mu Febuluwale madzi atadzaza khwawa, mukadzawauza kuti ana akhale kaye kunyumba.

Tsono inu a hedi ndi inu a komiti, mvula ili pafupi. Tulutsani malisiti aja m'marejisitala ndi m'matumba a majekete, muwaike m'lichero sabata ino.