Firauni anachedwa, anthu a Yunus anafulumira



Tikamva dzina la Mneneri Yunus alayhi salaam, ambirife timangokumbukira za chinsomba chimene chinam'meza. Lero tiyeni tione uthenga umene anatumidwa nawo, komanso zimene anachita anthu amene anaulandira.

Yunus mwana wa Matta anali mmodzi mwa aneneri a ana a Israil. Allah anam'tumiza ku Ninawa, mzinda waukulu wa Asuri m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, dera lomwe lero kuli mzinda wa Mosul ku Iraq. Surah As-Saffat ndime 147 ikutiuza kuti anthuwo anali 100,000 kapena kuposerapo. Ankapembedza mafano. Atakana kumumvera, Yunus anawachenjeza kuti chilango cha Allah chili m'njira, kenako anachoka atakwiya, Mbuye wake asanam'lole.

Nanga m'mbuyomu munachitika zotani? Ma ulama a tafsir amafotokoza kuti anthuwo ataona zizindikiro za chilango, anatuluka mumzinda onse, amuna, akazi, ana ngakhalenso ziweto, n'kuyamba kulirira Allah. Ena amanenanso kuti anabwezerana zomwe analandana, moti munthu ankazula mwala wa mwini pa maziko a nyumba yake n'kukaubweza. Surah Yunus ndime 98 ikusonyeza kuti pakati pa midzi yomwe inatsala pang'ono kuwonongedwa, ndi iwo okha amene chikhulupiriro chawo chinawathandiza. Allah anawachotsera chilango.

Tsopano bwererani pang'ono m'surah yomweyo, ndime 90 mpaka 92. Mupeza Firauni nayenso akunena kuti wakhulupirira. Koma ananena madzi atam'fika kale m'khosi, ndipo sizinalandiridwe. Onsewa anachenjezedwa, onsewa anavomereza, koma anasiyana nthawi. Anthu a Ninawa analapa mpata wosankha udakalipo, Firauni analapa mpata utatha. Mtumiki Muhammad swallallahu alayhi wasallam anatiphunzitsanso mu hadith yomwe ili mwa Tirmidhi kuti tawbah imalandiridwa mzimu usanafike pakhosi.

Ndiye chenjezo la chilango ndi chifundo ndithu. Amene akufuna kukukola sakuuza pomwe watchera msampha. Allah amachenjeza chifukwa akufuna tibwerere.

Vuto lathu achinyamatafe ndi mawu oti "ndidzalapa". Ndikamaliza sukulu, ndikadzalowa m'banja, ikafika Ramadhan. Koma ndani wakupatsa tsiku limenelo? Komanso tawbah ya anthu a Ninawa sinathere pa misozi. Ngati uli ndi ngongole ya mnzako ndipo ukumuthawa pa foni, kam'bwezere. Ngati unam'nenera miseche pa gulu la WhatsApp kapena unafalitsa chithunzi chake chom'chititsa manyazi, fufuta ndipo upepese. Ngati swalah ya Fajr inakuthawa kalekale, yamba mawa lomweli.

Phunziro lomweli likukhudzanso mmene timaonera anzathu. Yunus anachoka poganiza kuti anthu ake zawo zatha, koma ndi omwewo amene anadzakhulupirira. Mu Surah Al-Qalam ndime 48, Allah akulamula Mtumiki wathu kuti apirire, asachite ngati mwini nsomba uja. Ifeyo ndiye ndani kuti tizilemba pansi pa chithunzi cha mlongo wathu kuti "uyu ndi wa ku Jahannam"? Mulangize mwaulemu, makamaka pa awiri, um'chitire duwa, chiweruzo usiyire Mwini wake.

Yunus mwiniwake ali mumdima wa m'mimba mwa nsomba anavomereza kulakwa kwake, ndipo Allah anam'pulumutsa. Duwa yake ili mu Surah Al-Anbiya ndime 87. Usiku uno tsegulani Qur'an, muiwerenge pamodzi ndi tanthauzo lake, muiloweze pamtima.

Allah atipatse tawbah yoona nthawi isanatithere. Ameen.