Phunziro: Wotaya zinyalala alipire, ndalamayo iphunzitse ana athu



Phunziro la mwezi uno tiliyambire padoko la Kachulu. Inu amene mumalawirira kumeneko mukudziwa zimene zikutuluka m'khoka masiku ano: matemba pang'ono, kenaka majumbo, mabotolo a zakumwa ndi zidutswa za ukonde wakutha. Ndiye tifunsane: ntchito yochotsa zimenezi alipire ndani, nanga ndalamayo igwire ntchito yanji?

Nyanja yongolandira

Nyanja ya Malawi madzi ake amatuluka ndi mtsinje wa Shire. Chilwa yathuyi ayi, imangolandira basi, kuchokera ku Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina. Madzi amamwedwa ndi dzuwa, koma jumbo dzuwa silimwa. Likangala amadutsa mumzinda wa Zomba asanafike kusikimu ya mpunga ndi kunyanja. Chotayidwa m'ngalande kutauni, mvula ikagwa chimatipeza kuno. Koma tisaloze chala kumtunda kokha. Ifenso tsiku lamsika likatha, malo timawasiya bwanji? Opha mbuzi ndi mboni: kangati apeza majumbo atapotana m'chifu cha mbuzi yowonda?

Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60, ndipo mu 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Lamulo ndi labwino ndithu, koma lamulo silitola zimene zatayidwa kale, ndiponso siliphunzitsa mwana luso. Zimenezo zimafuna ndalama.

Mmene ena anachitira

Ku Britain, mu 1996, boma linaika msonkho pa zinyalala zokatayidwa kumtaya. Unayamba pa mapaundi 7 pa tani imodzi, lero unadutsa mapaundi 100. Galimoto ikafika kumtaya imakwera pasikelo, wotaya zambiri amalipira zambiri. Eni mitaya analoledwa kupereka gawo la msonkhowo ku mabungwe osamala chilengedwe, ndipo zaka zoyambirira ndalama zina zinathandiza kuphunzitsa anthu kusamala zinyalala ndi kuzigwiritsanso ntchito. Nzeru yake ndi iwiri: kutaya kukadula, munthu amaganiza kawiri asanataye, ndipo ndalama yochokera ku vuto imabwerera kukachepetsa vuto lomwelo.

Wina anena kuti, aaa, zimenezo ndi za azungu. Iyayi. Kuno kwathu, bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja, monga amene amachitika ku Nasawa Technical College m'boma lathu lino. Ndiye njira yopatula ndalama kuti iphunzitse luso si yachilendo. Chatsala n'kuilumikiza ku zinyalala.

Aphunzire chiyani?

Ife akuluakulu tinaona nyanja ikuphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo ana athu anaona ya 2018, mabwato ali gwa pamatope ouma. Mnyamata wodziwa kupalasa kokha, chaka chotero amagona ndi njala kapena kuthawira ku Joni. Luso lachiwiri ndi nkhokwe yake.

Zambiri zimene zimatayidwa pamsika ndi zowola: masamba, makoko, mamba a nsomba. Awa ndi manyowa. Wophunzitsidwa bwino angapange kompositi, kapena manyowa a Mbeya posakaniza ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, madeya, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba masiku 21. Ndi mtengo wa feteleza wa masiku anowu, ogula sangasowe. Mankhusu a mpunga amene aunjikana kuzigayo angaumbidwe n'kukhala nkhuni zophikira, mitengo n'kupuma. Malata akutha, mmisiri amakhoma mbaula ndi ndowa. Mabotolo ndi zitsulo, zikasankhidwa n'kuunjikidwa zambiri, amalonda amagula pakilo. Koma zonsezi zimafuna mphunzitsi, wilibala, fosholo, magolovesi ndi jombo. Apa m'pamene ndalama ya wotaya iyenera kulowa.

Tichenjere pati?

Walira mvula walira matope. Choyamba, msonkho ukakwera popanda woyang'anira, ena adzathawa kulipira n'kumakataya usiku mumtsinje, ovutika n'kukhala ife akumunsi. Chachiwiri, katunduyu asagwere mayi wogulitsa tomato amene amadula kale tikiti tsiku lililonse. Alipire kwambiri ndi amene amatulutsa zinyalala zodzaza galimoto: mafakitale, mahotela ndi masitolo akuluakulu. Chachitatu, ndalama yosonkhedwa ndi amana. Ikangolowa m'thumba limodzi ndi ndalama zina, mawa mudzamva kuti yathera mafuta ndi misonkhano. Ikhale ndi buku lakelake, ndipo pakutha pa mwezi ziwerengero zimatidwe poyera: zalowa zingati, aphunzira angati, aphunzira chiyani.

Ife tiyambire pati?

Kuno kumudzi tilibe mtaya wa sikelo ngati wa Mzedi ku Blantyre ungakhale nayo tsiku lina. Koma tili ndi misika, madoko ndi makomiti. Kudzera ku VDC, ku ADC ndi kwa khansala wathu, tipemphe kuti pa msonkho wa pamsika papatulidwe gawo lodziwika la ukhondo ndi maphunziro a achinyamata. A komiti ya padoko, a BVC, akambirane ndi asodzi ndi ogula nsomba za kangachepe kolembedwa m'buku. Ndipo pamzikiti tisadikire wina: tikumbe maenje awiri, lina la zowola lina la zosawola, ana a madrasa aphunzire kusiyanitsa akadali aang'ono. Madzi a nyanjayi ndi omwe msodzi amachitira wudhu ali pachimbowera, ndi omwenso amamwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Za madzi akuda sitikufuna wina wotiuza.

Mafunso okambirana ikatha swala ya Ijumaa

1. Pamsika kapena padoko lanu, zinyalala zochuluka ndi ziti, nanga zimathera kuti?
2. Ndani amene angasunge buku la ndalama, anthu onse n'kumukhulupirira?
3. Tchulani achinyamata atatu, mwa iwo mukhale mtsikana, amene angayambe kuphunzira kupanga manyowa mvula isanagwe.

Mayankho anu mubwere nawo, tidzawawerenge pamodzi mwezi wamawa, Insha Allah. Allah atipatse madalitso m'minda ndi m'nyanja, ndipo atikhululukire pamene tasakaza. Ameen.