Mbiri ya Zipangizo Zotchipa Zokonzera Kanema pa Kompyuta

M'nkhani ino ndifotokoza momwe ntchito yokonza kanema idachokera m'manja mwa makampani olemera n'kufika pa kompyuta ya munthu wamba. Ndikati kukonza kanema ndikutanthauza kudula zithunzi zojambulidwa, kuzisanja ndi kuzilumikiza ndi mawu.

Kale ntchitoyi inkachitika pa matepi. Wokonza ankakopera zigawo kuchoka pa tepi ina kupita pa inzake motsatizana, choncho akafuna kusintha chigawo chapakati ankayenera kubwereza zonse zotsatira. Mu 1989 kampani ya Avid idatulutsa makina osunga zithunzi mu kompyuta, moti chigawo chilichonse chinkatheka kusunthidwa. Komabe mtengo wake ankaukwanitsa ndi makampani akuluakulu okha.

Zinthu zidayamba kusintha mu 1990 pamene kampani ya NewTek idatulutsa Video Toaster, chipangizo choikidwa mu kompyuta ya Amiga, pa mtengo wa madola zikwi zochepa. Mu 1991 kudabwera pulogalamu ya Adobe Premiere ya pa Macintosh, ndipo mu 1993 idafika pa Windows.

Vuto lotsala lidali lolowetsa zithunzi mu kompyuta ndi kuzisunga. Makamera a DV, amene adayamba kugulitsidwa mu 1995, ankatumiza zithunzi kudzera pa chingwe cha FireWire popanda kuziwononga. Koma kanema wa ola limodzi ankadya malo pafupifupi magigabayiti 13, kotero anthu ambiri adadikira kaye kuti malo osungira zinthu mu kompyuta akule ndi kutsika mtengo.

Mu 1999 Apple idayamba kupereka iMovie pamodzi ndi kompyuta za iMac DV, ndipo mu 2000 Microsoft idaika Movie Maker mu Windows Me. Apa wogula kompyuta sankalipiranso padera pulogalamu yokonzera kanema. Movie Maker idathetsedwa mu 2017, koma kuyambira mu 2011 kampani ya Blackmagic Design yakhala ikupereka mwaulere mtundu wina wa DaVinci Resolve.

Pomaliza, phunziro limene ndatolapo monga wophunzira za zinenero ndi lakuti mtengo wa chipangizo umasankha amene angafotokoze nkhani. Pamene makina adali odula, zinenero za anthu osauka sizinkamveka kwenikweni pa kanema. Lero wophunzira angathe kujambula agogo ake akusimba nthano, n'kuikonza yekha, mawuwo asanapite nawo kumanda.