Waya Amene Anatsala Pang'ono Kuotcha Nyumba Yathu

Anzanga, ambirife usiku timawerengera sola. Kwathu bambo atagulitsa soya chaka chatha anagula panelo, batire la 12 volts ndi mababu atatu. Ine ndinkafuna babu lachinayi kuchipinda kwanga, poti JCE yayandikira. Ndinatola waya wa sipika yakale, ndinamusenda ndi mano, n'kumupotokola pamodzi ndi mawaya ochokera ku batire. Pokulunga ndinagwiritsa ntchito pepala la shuga. Babu linayaka, ine n'kumayenda ngati injiniya.

Patapita masiku, achimwene anakolekanso kaTV kawo pa waya yemweyo. Akayatsa TV, babu langa linkachita chizimezime, koma sindinalabadire. Tsiku lina usiku amayi anamva fungo la pulasitiki yopsa. Pepala lija linali litasungunuka, mawaya awiri aja agundana, ndipo utsi unkafuka pafupi ndi mapaso. Denga lathu ndi la udzu, mwamva? Bambo anazula waya ku batire atagwira ndi chiguduli. Mawa lake analamula kuti, "Iwe usadzakhudzenso sola iyi." Sabata ziwiri ndinawerengera koloboyi.

Safunsa anadya phula. Loweruka ndinapita kwa amalume amene amakonza mawailesi pa msika, nditanyamula waya wopsa uja. Zimene anandionetsa, pamodzi ndi zimene timaphunzira ku Physics, ndi izi.

1. Waya akhale wa msinkhu woyenera

Magetsi akamayenda mu waya amakumana ndi resistance. Taganizani mmene timapanikizanirana pakhomo la kalasi belu la buleki likalira. Khomo likachepa, timakanganirana mpaka thukuta. Waya woonda kapena wautali kwambiri ali ngati khomo laling'onolo: amatentha, ndipo mphamvu ina imathera panjira isanafike ku babu. N'chifukwa chake babu langa linkazilala.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya, gawani ma watts ndi ma volts, mupeza ma amps. Babu la LED la 5 watts pa batire la 12 volts limakoka pafupifupi 0.4 amps, zochepa ndithu. Koma TV ya 60 watts imakoka 5 amps. Chinthu cha 60 watts chomwecho pa magetsi a ESCOM a 230 volts chingakoke 0.26 amps yokha. Ndiye kuti pa sola waya amasenza katundu wochuluka pafupifupi ka 19. Ambiri timaganiza kuti poti ndi kabatire chabe, waya aliyense akwana. Ayi, n'zosemphana: sola ya 12 volts ndiyo imafuna waya wonenepa.

Kukula kwa waya amalemba pa chikopa chake, monga 1.5 mm², 2.5 mm² kapena 4 mm². Nambalayi ikunena za kopa wa m'kati, osati pulasitiki. Mababu a LED ochepa amayenda bwino pa 1.5 mm², koma TV ikakhala patali pamafunika 2.5 mm² kapena kuposa. Batire liikeni pafupi ndi zinthu zimene zimakoka kwambiri, kuti waya akhale wamfupi.

Pogula samalani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali waya wina wotchipa amene ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Mupaleni ndi lezala: akayera m'kati, si kopa weniweni. Aluminiyamu ali ndi resistance yoposa ya kopa, komanso amathyoka msanga.

2. Vuto lalikulu limakhala polumikizira

Amalume anandionetsa kuti waya wanga anayambira kupsa pamfundo penipeni. Mukapotokola mwaulesi, timawaya tochepa tokha ndi timene timagundana, ndiye magetsi onse amapanikizana pamenepo n'kutenthetsa. Kulumikiza kwabwino kumayenda chonchi:

Choyamba, chotsani waya ku batire musanayambe chilichonse.

Chachiwiri, sendani chikopa masentimita awiri kapena atatu ndi mpeni, mopepuka, osadula timawaya ta m'kati. Mano si chida, aise.

Chachitatu, kopa akakhala wakuda kapena wobiriwira, mupaleni mpaka awale.

Chachinayi, lowetsani nsonga zonse ziwiri mu connector, tija tapulasitiki tokhala ndi masikulu awiri, n'kumanga zolimba. Ngati mulibe, potokolani mothina ndi pulayazi, ndipo zikatheka mupemphe wokonza mawailesi awotcherere ndi mtovu.

Chachisanu, kokani pang'ono. Waya akasololoka, yambiraninso.

Chachisanu ndi chimodzi, kulungani ndi tepi ya magetsi, waya aliyense payekha. Jumbo, pepala la shuga ndi selotepi ya mabuku zimasungunuka kapena kumatuka.

Nzeru ina imene inandisangalatsa ndi iyi: mfundo za mawaya awiri zisayang'anizane. Ina ikhale kutsogolo, ina kumbuyo, motalikirana ngati chala chimodzi m'litali. Tepi ikadzamatuka, kopa wa uyu sangafike pa kopa wa mnzake. Waya adutsenso kutali ndi udzu ndi m'mphepete mwakuthwa mwa malata, ndipo muzimuyendera chifukwa makoswe amakonda kutafuna chikopa.

3. Mitundu ili ndi tanthauzo

Pa batire, waya wofiira amapita ku positive, kumene kuli chizindikiro cha +, wakuda ku negative, kumene kuli –. Mukasemphanitsa, babu la LED silingayake, ndipo wailesi kapena chaja ikhoza kupsa. Mababu a m'nyumba alumikizeni mu parallel, kutanthauza kuti lililonse likhale ndi njira yakeyake yofika ku + ndi ku –. Mukatero lililonse limalandira 12 volts, ndipo limodzi likafa enawo amayakabe. Mu series, limodzi likafa onse azima.

Ngati muli ndi controller, kabokosi kamene kamateteza batire kuti lisadzaze kapena kuphwa mopitirira, yambani kulumikiza batire, kenako panelo, pomaliza mababu. Pochotsa, yambani ndi panelo, batire likhale lomaliza. Foni musayilumikize mwachindunji ku batire, chifukwa USB imafuna 5 volts, osati 12. Pamafunika chaja yotsitsa ma volts, ngati ya m'galimoto.

Pamitu pa batire pakachita zoyerayera ngati ufa, palani, mangani zolimba, n'kupaka Vaseline pang'ono. Mukatha musambe m'manja, chifukwa m'batire muli asidi.

4. Fyuzi ndiyo mlonda

Ena amati 12 volts siluma. Inde, kugwira mitu ya batire ndi manja ouma sikungakugwedezeni. Koma + ndi – zikagundana popanda babu pakati, batire limatulutsa ma amps ambirimbiri nthawi imodzi, waya n'kufiira ngati khala. Izi ndi zimene amati short circuit, ndipo ndi zimene zinachitika kwathu.

Fyuzi ndi kawaya kochepa kamene kanapangidwa kuti kaduke magetsi akachuluka. Iikeni pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire. Mafyuzi a galimoto amagwira bwino ntchitoyi: yofiira ndi ya 10 amps, yabuluu ndi ya 15 amps. Sankhani yoposa pang'ono ma amps amene zinthu zanu zimakoka, koma yosaposa mphamvu ya waya. Ikaduka, fufuzani chimene chayidula. Osalowetsapo msomali kapena chipepala chonyezimira, kumeneko n'kuthamangitsa mlonda n'kusiya chitseko chotsegula.

5. Za ESCOM n'zina

Zonse ndanenazi ndi za sola ya 12 volts. Magetsi a ESCOM, ngakhalenso otuluka mu inverter, ndi a 230 volts ndipo amapha. Amenewo ndi a akatswiri okhala ndi chilolezo. Ife tingodziwa mitundu ya mu pulagi ya mano atatu, poti n'zofunika ku Physics: wa brown ndi live, amadutsira pa fyuzi, wabuluu ndi neutral, wobiriwira ndi chikasu ndi earth, amapita ku dzino lalitali lija. Ndipo kusomeka mawaya osenda mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, chonde tisiye.

Lamulungu lotsatira amalume anabwera kwathu. Ine ndi amene ndinalumikiza, iwo akuyang'ana, bambo ataima pakhomo manja ali kumbuyo. Tinaika waya wa 2.5 mm², ma connector ndi fyuzi ya 10 amps. Bambo anakoka mfundo iliyonse okha, kenako anati, "Chabwino, koma ukafuna kusintha kanthu uziyamba wandiuza." Pano babu langa likuwala ngakhale achimwene ayatse TV.

Ntchito ya lero: mukafika kunyumba, sola ikayaka kwa kanthawi, khudzani tepi ya pamfundo iliyonse. Pakakhala pofunda, auzeni akuluakulu lero lomwe. Yesaninso samu iyi: mababu anayi a 5 watts ndi TV ya 40 watts pa batire la 12 volts zikukoka ma amps angati, ndipo mungaike fyuzi iti? Amene mwapeza yankho mundipeze pa buleki tifananize.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2